Mtima ukugunda mosokonekera koma akuti pitani kunyumba: mafunso ndi mayankho pa nkhani ya wodi ya pafoni

Chaka chatha bambo akunyumba anabwera kuchokera ku ntchito ya usiku atagwira pachifuwa, akuti mtima ukuphiriphitha ngati nkhuku yoti yangodulidwa kumene. Tinathamangira ku A&E, komwe amalandirira odwala mwadzidzidzi ku chipatala, anawajambula mtima, anawapatsa mankhwala, tinakhala pamipando ija mpaka madzulo, nde kenako nesi akubwera ndi kachikwama akuti bambo mupite kunyumba tizikuonerani pafoni. Ine abale ndinapsa mtima. Kwathu munthu wodwala mtima amagonekedwa, gadiyani amayala chitenje pansi pa bedi, achibale amabwera ndi phala m'mafulasiki, nde apa akuti tengani kachikwama muzipita? Ndinaona ngati atitaya chifukwa mabedi adzaza. Patatha masiku 9 ndinali nditasintha maganizo, ngakhale sikuti pa zonse ayi. Chiyambireni nthawi imeneyo anzathu akutchalitchi ndi achibale akumudzi akhala akundifunsa zomwezomwezo, nde ndati bola ndingolemba kamodzi. Ine si dokotala, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England, zomwe zili apa ndi zomwe tinadutsamo komanso zomwe ndinaphunzira chifukwa cha mantha.

Kodi matenda ake ndi ati kwenikweni, si BP yomwe ija?

Ayi si BP, ngakhale BP yokhalitsa ndi imodzi mwa zinthu zomwe zimayambitsa. Madokotala amati atrial fibrillation, mwachidule AF. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri pamwamba ziwiri pansi, ndipo pali kamalo kamodzi m'chipinda chakumanja chapamwamba komwe kamatumiza kamphamvu ka magetsi kuti mtima ugunde mwandondomeko, munthu akapuma umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mineti. Mu AF zipinda zapamwamba zija sizimveranso kamaloka, zimangonjenjemera, zizindikiro za magetsi zimabwera mbali zonse ngati ana a sukulu akutuluka mkalasi, nde zipinda zapansi zimalandira zina zina nkusiya zina, kugunda kuja kumangoti pena kufulumira pena kudukiza, nthawi zambiri kupitirira 100, ena mpaka 150 kapena kuposa.

Ena amamva mtima kuthamanga, befu, chizungulire, kufooka. Ena samva kalikonse, amangodziwira kwa GP, dokotala wa kliniki ya m'dera lawo, poyezetsa zina. Ku UK kokha anthu opitirira 1.5 miliyoni anapezeka nawo, ndipo ukamakula mwayi wodwala umakulanso. Zina zoyambitsa ndi shuga, kunenepa kwambiri, mowa, chithokomiro chogwira ntchito mopitirira muyeso, kubanika kutulo kuja kwa anthu amkonono, ndi matenda a mavalavu a mtima.

Ngati munthu akuyenda yekha, akudya, nde choopsa nchiyani?

Sitiroko. Ichi nde ndimafuna aliyense amvetse chifukwa ine ndinkaopa zolakwika, ndinkaganiza kuti mtima ungoima pompo. AF payokha sikawirikawiri kuimitsa mtima. Vuto ndi loti zipinda zapamwamba zikamangonjenjemera magazi sakankhidwa bwino, amadikha mu kathumba kena kali kuchipinda chakumanzere, ndipo magazi akadikha amaundana. Kachibuluma kaja kakathothoka kamayenda mpaka kuubongo nkutseka mtsempha, munthu nkufa ziwalo mbali imodzi, kukamwa kupindika, kulankhula kuvuta. Munthu wa AF ali pachiopsezo cha sitiroko pafupifupi ka 5 kuposa amene alibe.

Nde taganizirani, chomwe chimateteza ku sitiroko ndi piritsi loletsa magazi kuundana, osati bedi. Piritsi limenelo limagwira chimodzimodzi kaya mwamwera mu wodi kaya pa sofa kunyumba kwanu. Pamenepa mpamene ine ndinayamba kumvetsa chifukwa chomwe anatibwezera.

Wodi ya pafoniyo ndi chani?

Kuno amati virtual ward, ena amati hospital at home. Mumakhala kunyumba koma m'mabuku a chipatala ndinu wodwala wawo ndithu, muli ndi dokotala wamkulu yemwe akuyankha za inu, manesi ndi apharmacist akuona manambala anu tsiku ndi tsiku, akhoza kukusinthirani mankhwala, kukuitanani kuti mudzayezetse magazi, kapena kukuuzani kuti bwerani pompano. Sikuti mwatulutsidwa. Kutulutsidwa kumabwera pambuyo pake, ndipo nthawi zambiri kukhala mu wodi yotereyi sikupitirira masiku 14.

Si zachilendo kwenikweni, ku France anayamba kugoneka odwala kunyumba kwawo mu 1957. Koma chomwe chinakankha zinthu ndi Covid. Mu 2020 achipatala cha yunivesite ku Maastricht ku Netherlands, atatseka makliniki, anayamba kuuza odwala AF kuti aziyeza kugunda kwa mtima ndi apu ya FibriCheck poika chala pa kamera ya foni, pulogalamu ija inatchedwa TeleCheck-AF ndipo inafalikira m'zipatala zambiri za ku Ulaya. Kuno ku England chipatala cha Glenfield ku Leicester, komwe kuli a Malawi ambiri ndithu, chinatsegula wodi ya pafoni ya odwala AF mu 2022 motsogozedwa ndi Pulofesa André Ng. NHS England, bungwe loyendetsa zipatala za boma kuno, inadziikira kuti pofika kumapeto a September 2023 ikhale ndi mabedi a mtundu umenewu 10,000 a matenda osiyanasiyana, ndipo inakwanitsa. Ife chipatala chathu ndi china, koma kachitidwe kake nkofanana.

Mukachikwamamo mumakhala chani?

Kwathu munali zinthu zitatu. Makina a BP apamkono. Kopanira chala koyeza okosijeni. Ndi kachitsulo kakang'ono kopyapyala, kutalika kwake ngati chala, kotchedwa KardiaMobile, komwe mumaikapo zala ziwiri za dzanja lililonse kwa masekondi 30 nde kamajambula ECG, chithunzi cha mmene mtima ukugundira, nkuitumiza pafoni. Kena kalikonse kamalumikizana ndi foni popanda waya, manambala amapita okha ku kompyuta ya manesi. Amene alibe foni yabwino malo ambiri amamubwereka foni kapena tabuleti. Zonse mumabweza mukatulutsidwa, musaganize zotumiza kumudzi.

Nde tsiku limayenda bwanji?

Mmawa bambo ankadzuka, kukhala pansi mphindi 5 osayankhula, kuyeza BP, chala, ECG, kenako kuyankha timafunso pa apu, kodi mukumva befu, kodi chizungulire, kodi miyendo yatupa. Madzulo chimodzimodzi, ndipo akamva mtima wayambanso zake ankayeza nthawi yomweyo. Ena amauzidwa katatu patsiku, zimatengera mmene mulili.

Tsiku lachiwiri mtima unali pa 128 atangokhala, pasanathe ola foni inalira, nesi akuti bambo taona manambala, dokotala wati tikweze bisoprolol, mankhwala ochepetsa liwiro la mtima. Anatumiza uthenga ku pharmacy yapafupi ine ndinangokatenga. Tsiku lachinayi unatsika kufika m'ma 90 koma BP nayonso inatsika, anaimbanso kufunsa ngati akuona mdima akaimirira. Ntchito yake kwenikweni ndi imeneyi, kukweza kapena kutsitsa mankhwala pang'onopang'ono mpaka mtima ukhale pansi pa 110 munthu akapuma popanda kugwetsa BP. Mu wodi yeniyeni akanachita zomwezi, kusiyana kwake nkwakuti bambo akanagona pakati pa anthu asanu akutsokomola, magetsi oyaka usiku onse, chakudya cha mbatata yosenda yopanda mchere. Kunyumba anadya nsima yawo, anagona tulo.

Tinene zoona, si kuti akungofuna bedi lija?

Bedi akulifuna, tisanamizane. Aliyense amene anakhalako ku A&E nthawi yozizira anaona anthu atagona pa matrolley m'makolido. Boma silinayambe izi chifukwa chotikonda chabe, kugoneka munthu kumadya ndalama zambiri. Koma chinthu chikhoza kupindulira chipatala nkupindulanso inu. Ine pantchito yanga ndaona agogo akulowa mchipatala akuyenda okha nkutuluka patatha milungu iwiri miyendo itafooka, mutu utasokonekera, ena atatengerako chibayo. Bedi la chipatala lili ndi mtengo wake pathupi.

Pomwe ndimakhala tcheru ndi apa: wodi ya pafoni ndi yabwino ngati mbali inayo kuli munthu amene akuonadi manambala ndipo akuyankha foni. Ngati kulibe, mwangopatsidwa zidole. Nde musanavomere funsani kuti amene aziona ndani, kuyambira nthawi yanji mpaka nthawi yanji, Loweruka ndi Lamulungu amagwira, ndikaimba osayankhidwa ndichite chani. Ndipo muli ndi ufulu wokana, sakakamiza.

Ndani amaloledwa kupita kunyumba, ndani saloledwa?

Amene amamulola ndi woti AF ndiye vuto lake lalikulu, BP ili bwino, akupuma bwino, magazi ayezedwa impso ndi chithokomiro ndi mchere wa mthupi, ndipo mtima ngakhale ukuthamanga sukuthamanga moopsa. Akhalenso woti atha kuyeza yekha kapena pali womuthandiza.

Amene sangamulole ndi woti wakomoka, BP yagwa, chifuwa chikupweteka ngati mtsempha wa mtima watsekeka, madzi adzaza m'mapapo, kapena AF yabwera chifukwa cha matenda ena akulu monga chibayo champhamvu kapena sepsis, matenda oti tizilombo tasokoneza thupi lonse. Ameneyo malo ake ndi mchipatala basi, ndipo wina akafuna kumubweza kunyumba inu a pabanja mukane mwaulemu koma molimba.

Nanga zikavuta pakati pausiku?

Apa mvetserani bwino. Timakina tija si alamu ya ambulansi. Sikuti pali munthu wakhala maso pa sikirini 2 koloko usiku kukuyang'anirani, mawodi ambiri apafoni amagwira kuyambira 8 mmawa mpaka 8 madzulo, ena kuchepera apo, kunja kwa maola amenewo amakupatsani nambala ina kapena amati imbani 111, nambala ya uphungu ya NHS. Koma pali zizindikiro zoti simuimbira nesi, simutumiza meseji pa apu, simudikira kuche, simuyamba mwaimbira abusa, mumaimba 999, nambala ya ambulansi, pompo: chifuwa kupweteka kapena kulemera ngati wina wakhalapo makamaka zikamapita kumkono kapena kunsagwada, kulephera kupuma, kukomoka, nkhope kugwa mbali imodzi, mkono kapena mwendo kufooka, mawu kumatuluka osamveka, kutuluka magazi osasiya, chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena kugwa nkumenyetsa mutu pomwe mukumwa mankhwala a magazi aja, olo musaone bala.

Za sitiroko ndibwerezenso chifukwa ife a Malawi tili ndi kachizolowezi koti tiyeni tione kaye mmene kuchere. Mankhwala osungunula chibuluma muubongo amaperekedwa mkati mwa maola anayi ndi theka kuchokera pomwe zizindikiro zayamba. Lembani nthawi yomwe mwaona zachilendo, madokotala adzakufunsani. Pemphero pempherani muli mu ambulansi.

Mtima ungabwerere mchimake wokha?

Kwa ambiri amene zangowayamba, eya. Ku Netherlands anachita kafukufuku wotchedwa RACE 7 ACWAS yemwe anatuluka mu 2019, anatenga anthu 437 ofika ku chipatala AF itangoyamba kumene, theka anawabwezeretsa mtima nthawi yomweyo, theka anawapatsa mankhwala ochepetsa liwiro nkuwauza pitani kunyumba tidikire. Mwa odikirawo 69 pa 100 aliwonse mtima unabwerera wokha pasanathe maola 48, ndipo patatha milungu inayi magulu awiriwa anali pafupifupi chimodzimodzi, 91 ndi 94 pa 100 mtima uli mchimake. Kafukufuku ngati ameneyu ndi amene anapatsa madokotala mphamvu zoti asamagoneke aliyense.

Ukakana kubwerera pali njira yotchedwa cardioversion, amakugonetsani tulo pang'ono nkuwombera mtima ndi magetsi kuti uyambirenso bwino, mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ngati AF yakhalitsa amafuna muyambe mwamwa mankhwala a magazi milungu itatu osadumphitsa, ndi milungu inayi pambuyo pake. Mukadumphitsa nenani, musabise, chifukwa kuwombera mtima muli chibuluma ndi kuitana sitiroko. Palinso ablation, amalowetsa kawaya kudzera mu mtsempha wa mphechepeche mpaka mu mtima nkuwotcha kapena kuziziritsa timalo tomwe tikuyambitsa chisokonezo. Ena amangokhala nayo AF moyo onse, liwiro likuwongoleredwa ndi mankhwala, ndipo amakhala bwinobwino.

Mankhwalawo ndi ati, ndipo tisamale chani?

Ali magulu awiri. Ochepetsa liwiro: bisoprolol, diltiazem, nthawi zina digoxin. Oletsa magazi kuundana: apixaban, edoxaban, rivaroxaban, dabigatran, ndi wakale uja warfarin. Sikuti aliyense amapatsidwa a magazi, dokotala amawerengera mapointi malinga ndi zaka, BP, shuga, mtima wofooka, ngati munadwalapo sitiroko, nde akaona kuti chiopsezo chilipo amakuyambitsani. Amachepetsa sitiroko ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Aspirin salowa mmalo mwake, olo wina akuuzeni motani.

Zosamala nde zilipo. Brufen, diclofenac ndi anzake aja a ululu wamsana, asiyeni, akaphatikizana ndi mankhwala a magazi mimba imatha kutuluka magazi, Panado ndiye bwenzi lanu. Ngati mukumwa a TB makamaka rifampicin, kapena ma ARV ena, auzeni adokotala musachite manyazi chifukwa amalimbana ndi mankhwalawa, ena amawafooketsa ena amawachulutsa mphamvu. Mankhwala azitsamba omwe azakhali anatumiza mu katundu, tiyi wa zitsamba wogula pa intaneti, zonsezo nenani. Amene ali pa warfarin amayezetsa INR, muyeso wa mmene magazi akuchedwera kuundana, pafupipafupi kuti ikhale pakati pa 2 ndi 3, ndipo masamba obiriwira, nkhwani, bonongwe, chisoso, repu, sipinachi, ali ndi vitamini K yemwe amachepetsa mphamvu ya warfarin. Sikuti musiye ndiwo zamasamba ayi, muzingodya mofanana sabata ndi sabata, osati mwezi onse nyama kenako mwapeza nkhwani ku shopu ya amwenye nde mwadya mphika onse masiku atatu. Amayi oyembekezera kapena ofuna kutenga pakati, nkhani ya mankhwalawa ikambidwe ndi dokotala msanga.

Chomwe anthu ambiri amalakwitsa: mtima wabwerera mchimake, akumva bwino, nde asiya piritsi la magazi. AF imabwerera mwakachetechete, pena mtulo, inu osadziwa.

Timakina timeneti sitinama?

Timanama pena. Makina a BP amavutika kuwerenga mtima wodukizadukiza, nde ife anatiuza kuyeza katatu motsatizana. Nambala ya kugunda kwa mtima yomwe kopanira chala kamaonetsa imadumphadumpha mu AF, manesi amakhulupirira ya pa ECG. KardiaMobile nayo ukamayankhula, kunjenjemera, kapena zala zikauma kwambiri imangolemba kuti yalephera kuwerenga, bambo ankanyowetsa zala pang'ono nkuika manja patebulo.

Palinso ichi chomwe chimakhudza ife akhungu lakuda. Kopanira chala kaja kamagwiritsa ntchito kuwala kodutsa pakhungu, ndipo kafukufuku wa ku University of Michigan mu 2020 anaonetsa kuti kwa anthu akuda kamatha kuonetsa okosijeni wokwera kuposa mmene alilidi. Nde ngati mukubanika koma kakulemba 96, khulupirirani thupi lanu, imbani. Cutex ndi zikhadabo zoikirira nazonso zimasokoneza, komanso zala zozizira.

Ine ndili ndi Apple Watch, sizokwanira?

Wotchi imathandiza kugwira wakuba koma siweruza mlandu. Mitundu yambiri ya Apple Watch kuyambira Series 4 ya 2018 imajambula ECG, mawotchi ena a Samsung ndi Fitbit nawonso, ndipo anthu ambiri adziwira pamenepo kuti ali ndi AF. Koma wotchi siikusinthirani mankhwala, siyeza impso, sikuimbirani foni. Ikakuchenjezani sungani chojambulacho mupite nacho kwa GP. Ndaonanso anthu wotchi itawasandutsa akapolo, kuyeza ka 30 patsiku, mtima nkumathamanga chifukwa cha nkhawa yomweyo.

Zimalipiridwa? Nanga amayi atabwera kudzacheza nkudwala?

Kwa amene mukukhala kuno movomerezeka ndipo muli pa NHS, wodi ya pafoni ndi timakina take ndi zaulere. Mankhwala ku England ndi £9.90 pa mtundu uliwonse kuyambira 2024, koma a zaka 60 kupita mtsogolo salipira, ndipo ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland ndi aulere kwa onse. Amene mukumwa mitundu ingapo mwezi ndi mwezi gulani prepayment certificate, chiphaso cholipiriratu mankhwala onse, imapulumutsa.

Makolo obwera pa viza yochezera nkhani yake ndi ina. A&E ndi GP ku England salipiritsa, koma chithandizo cha chipatala chopitirira pamenepo amalipiritsa pa 150 peresenti ya mtengo wa NHS. Popeza wodi ya pafoni ndi chisamaliro cha chipatala, funsani ku ofesi yoona za alendo akunja musanadabwe ndi bilu. Koma chithandizo chadzidzidzi sakaniza munthu chifukwa cha ndalama, nde musabise mayi mnyumba akubanika poopa bilu. Ndipo abale, inshuwalansi ya paulendo muziwagulira makolo asanakwere ndege.

Agogo sadziwa foni, Chizungu chimawavuta, zitheka?

Zimatheka ngati pali munthu pakhomo. Apa nde pali chilungamo china chomwe sachinena mokweza: ntchito ina yomwe akanagwira nesi imagwera inu a mnyumba, ndipo kawirikawiri ndi mzimayi. Ine ndinasintha mashifiti sabata yonse, malipiro anachepa. Ugadiyani uja tinkati tausiya ku Queens unanditsatira mpaka kuno, kungoti pano ndinkagona pabedi langa osati pasimenti. Ngati nonse mumagwira ntchito maola 12 ndipo agogo azikhala okha tsiku lonse, nenani zoona kwa adokotala. Womasulira muli ndi ufulu wopempha, musadalire mwana wa zaka 10 kuti azimasulira za mankhwala.

Mowa, khofi, ntchito, galimoto?

Mowa ndi mdani weniweni wa AF. Ku Melbourne ku Australia anachita kafukufuku yemwe anatuluka mu 2020, anthu 140 a AF omwe ankamwa, theka anasiya theka anapitiriza, mwa osiya AF inabwerera kwa 53 pa 100, mwa opitiriza 73 pa 100. Bambo atamva anangoti hmm, koma ku braai masiku ano amagwira Fanta. Khofi kapu imodzi kapena ziwiri kwa ambiri alibe vuto, koma zakumwa zopatsa mphamvu zija anthu amamwa kuti apirire shifiti ya usiku, zisiyeni. Pomwe muli mu wodi ya pafoni ndinu wodwala, pemphani fit note, kalata ya dokotala yopita nayo kuntchito, mupume, osati kuyeza ECG mu toileti ya kuntchito. Galimoto, ngati mukumva chizungulire kapena munakomokapo musayendetse, ndipo oyendetsa mabasi ndi malole malamulo a DVLA, ofesi yopereka malaisensi, ndi okhwima kwambiri, funsani dokotala musanabwerere pa chiwongolero.

Kumudzi ku Malawi zimenezi zingatheke?

Funso ili amandifunsa achimwene anga aku Zomba nthawi zonse. Mmene zilili kunozi, ndi Bluetooth ndi manesi odikira pa kompyuta, kwa anthu ambiri panopa ayi. Pamafunika foni yamakono, bandulo, magetsi otchajira, komanso chachikulu ambulansi yoti ikaitanidwa ifike msanga. Kumubweza munthu kunyumba komwe kuli makilomita 40 kuchokera pa chipatala cha boma, msewu wafumbi nthawi ya dzinja, si chimodzimodzi ndi kumubweza ku nyumba ya mu Leicester.

Komanso AF yakwathu nthawi zambiri nkhope yake ndi ina. Kuno ndi matenda a okalamba, kwathu imagwiranso achinyamata ndi azimayi a zaka za m'ma 20 ndi 30 chifukwa cha matenda a mtima oyamba ndi zilonda zapakhosi zomwe sizinachizidwe ali ana, mavalavu amaonongeka, makamaka ya mitral imachepa. Anthu amenewa mankhwala awo ndi warfarin, kafukufuku wamkulu wa INVICTUS mu 2022 anapeza kuti kwa iwowa warfarin amaposa rivaroxaban. Ndipo warfarin amafuna INR, INR imafuna labu. Nde musatumize apixaban wotsala kwa m'bale wanu kumudzi poganiza kuti mukuthandiza, ayambe waunikidwa mtima ku chipatala chachikulu, Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu.

Koma tizidutswa take titheka ndithu. Malawi anayamba kale kupereka uphungu wa zaumoyo pafoni, Chipatala Cha Pa Foni chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo kenako chinafalikira dziko lonse pansi pa Unduna wa Zaumoyo. Makina a BP a mabatire alipo m'mapharmacy. Ndipo kuyeza kugunda kwa mtima sikufuna chipangizo chilichonse, ikani zala ziwiri pamkono mmunsi mwa chala chachikulu, werengani kwa mineti yathunthu, mverani ngati kukuyenda ngati wotchi kapena kukudumphadumpha. Lembani mu kope tsiku, nthawi, nambala, nkupita nalo ku chipatala limodzi ndi buku lija la kuchipatala. Amayi anga ndinawaphunzitsa pa video call, pano amayeza amayi onse a mvano.

Masiku aja atatha zinakhala bwanji?

Tsiku la 9 nesi anaimba kuti manambala akhala bwino masiku atatu otsatizana, akutulutsani, kalata ipita kwa GP, kliniki ya mtima idzakuitanani. Tinabweza kachikwama. Chomwe sindinayembekezere nchakuti bambo anasowa mtendere masiku oyamba, anali atazolowera kuti kuli wina akuona, nde mwadzidzidzi zii. Kalata ya kliniki inachedwa kuposa mmene anatiuzira, ndinachita kuimba kangapo konse, komanso mankhwala atatsala pang'ono kutha tinapeza kuti GP anali asanalandire mlingo watsopano wa bisoprolol, mwamwayi ndinali nditajambula bokosi pafoni. Nde tsiku lotulutsidwa funsani mankhwala akukwana masiku angati, mlingo omaliza ndi uti, ndipo AF ikabweranso muimbire ndani, chifukwa nambala ya wodi ija simuigwiritsanso ntchito.

Patatha milungu isanu ndi umodzi anawachita cardioversion, tinapita mmawa 2 koloko masana tinali kunyumba. Apixaban akumwabe mmawa ndi madzulo, alamu ili pafoni yanga osati yawo chifukwa yawo amaizimitsa nkugonanso. Tinagula KardiaMobile yathuyathu, imakhala mu kabati ya mbale pafupi ndi shuga yemwe anawaletsa.